Nkhuku zanga zachepetsa kuikira mazira ngakhale ndinazipatsa katemera

Mayi wa ku Matawale, Lolemba m'mawa:
Moni nonse a pagulu lino. Ndakhala ndikuwerenga zomwe mumakambirana kwa miyezi yambiri osayankhulapo kanthu, koma lero ndabwera ndi nkhawa yanga, pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndili ndi nkhuku zoikira mazira 240 za mtundu wa Hy-Line Brown, zomwe ndinagula zili anapiye a tsiku limodzi m'mwezi wa Malichi, ndipo tsopano zakwanitsa masabata 31. Mpaka kumayambiriro kwa Okutobala ndinkatola mathileyi 7 patsiku, koma kwa masiku 9 apitawa mazira akhala akutsika moti dzulo ndatola mathileyi 4 okha. Mazira ambiri ataya kufiirira kwake, ayererako ngati a nkhuku zachikuda, ndipo ena zigoba zake n'zofewa kotero kuti ndimawapeza ataphwanyika kale pa utuchi. Nkhuku zitatu zafa, ndipo pali ina yomwe yapinda khosi, mlomo wayang'ana kumwamba, ikungozungulira pamalo amodzi. Chomwe chikundisowetsa mtendere n'chakuti akatemera onse olembedwa papepala lomwe ndinapatsidwa pogula anapiye ndinapereka, wa chitopa, wa gumboro komanso wa nthomba, osaphonya tsiku ngakhale limodzi. Thumba la chakudya la makilogalamu 50 silitha masiku awiri, ndipo ndalama yogulira chakudyacho imachokera m'mazira omwewa. Ndithandizeni nzeru, abale anga, kuti ndidziwe pomwe ndinalakwitsa.

Bambo wa ku Chinamwali:
Pepani kwambiri amayi, ife tonse amene tinaonapo mazira akutsika pamene chakudya chikutha tikuumva ululu umenewu. Tisanayambe kuponya mayankho, ndikupempha kuti mutiuze zinthu zingapo. Katemera womaliza wa chitopa munapereka liti, ndipo anali wa m'madzi akumwa, wa m'diso kapena wobaya? Madzi omwe munasungunuliramo katemerayo munatunga kuti? Nanga pafupi nanu pali nkhuku zoyendayenda zomwe zadwala kapena kufa posachedwapa?

Mnyamata wa ku Chikanda:
Ine ndikuona ngati ndi kutentha kwa mwezi uno, chifukwa nkhuku zikamapuma wefuwefu chonchi zimadya pang'ono ndipo zigoba za mazira zimapyapyala. Muziikire mavitamini m'madzi pamodzi ndi mankhwala achikasu aja opha tizilombo, mudzaona kusintha pakutha pa masiku atatu.

Mayi wa ku Matawale:
Zikomo bambo, ndatenga kope langa kuti ndiyankhe zoona zokhazokha. Katemera womaliza wa chitopa anali LaSota wa m'madzi akumwa, ndipo ndinapereka kumayambiriro kwa Julayi nkhuku zili ndi masabata 16. Pepala lija linathera pomwepo, motero ine ndinkaganiza kuti ntchito ya katemera yatha, kwatsala kutola mazira. Madzi ndinatunga pampope wa panyumba m'mawa womwewo, m'ndowa yachitsulo. Katemerayo ndinakagula m'tauni dzulo lake, anandikulungira m'pepala la pulasitiki muli kachidutswa ka madzi oundana, koma ndinatsalira mumsika kugula zina, ndipo pofika kunyumba madziwo anali atasungunuka kalekale. Za nkhuku zoyendayenda, anzanga oyandikana nawo nyumba anataya nkhuku zawo pafupifupi zonse masabata awiri apitawo, ndipo anyamata odzagula mazira pa njinga amalowa mpaka pakhomo la khola kudzasankha okha.

Mlangizi wa ziweto wopuma ntchito, ku Domasi:
Amayi, mwachita bwino kusunga kope, chifukwa mayankho anu atiunikira zambiri. Ndiyambe ndi kunena kuti matenda a nkhuku sapimidwa pa foni, choncho lero lomwe pitani mukadziwitse mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena ofesi ya zaulimi ya boma pa Zomba, abwere adzaone nkhukuzo ndi kutumbula zomwe zafa. Komabe zimene mwafotokozazi, khosi lopindika, mazira otuwa ndi ofewa, kufa kwa nkhuku za anzanu komanso nyengo yotentha ino yomwe chitopa chimakonda kubuka, zikuloza kwambiri ku chitopa. Mukaone chitosi ngati chili chamadzimadzi chobiriwira, ndiponso ngati pali nkhuku zomwe zagwetsa mapiko ngati zavala jekete.

Mungafunse kuti ngati ndi chitopa, bwanji zafa zitatu zokha pamene kwa anzanu khola lonse lapululuka. Yankho lake ndi katemera yemwe uja munapereka zili zazing'ono. Chitetezo chomwe chinatsalira m'thupi chakwanira kuletsa imfa, koma sichinakwanire kuteteza njira yomwe dzira limapangidwiramo. Kachilombo ka chitopa kakafika m'njira imeneyi, mbali yomwe imakuta dzira ndi chigoba ndi kulipaka mtundu imatupa, n'chifukwa chake mukutola mazira oyererako ndi ofewa. Alimi ambiri amayesa katemera ndi kuwerenga nkhuku zakufa basi, koma kwa ife oweta nkhuku zoikira, muyeso weniweni uli m'thileyi.

Mfundo yaikulu ndi iyi. Katemera wamoyo, yemwe amakhala ndi kachilombo kofooketsedwa, monga LaSota kapena Hitchner B1, sapereka chitetezo cha moyo wonse wa nkhuku. Mphamvu yake imayamba kutsika pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ndipo kuyambira Julayi mpaka lero papita masabata 15. Nkhuku yoikira timakhala nayo chaka chathunthu kapena kupitirira ikuikira, choncho katemera wa chitopa amayenera kubwerezedwa nthawi yonseyo. Mapepala ambiri omwe alimi amapatsidwa amathera pa sabata yomwe misoti yatsala pang'ono kuyamba kuikira, ndipo mzere wonena za kubwereza umakhala pansi penipeni, kapena sukhalapo n'komwe.

Kuwonjezera apo, ndikukayika ngati katemera wa mu Julayi uja anafika m'matupi a nkhuku ali wamoyo. Madzi a pampope kuno ku Zomba, ochokera ku damu la Mulunguzi, amathiridwa kolorini kuti ife anthu timwe osadwala, ndipo kolorini yemweyo amapha kachilombo kofooketsedwa komwe kali m'katemera. Ndowa yachitsulo nayonso siyenera pa ntchito imeneyi. Katemera wotere amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8 kuchokera kusitolo mpaka nthawi yosungunula. Mwina chitetezo chenicheni chomwe nkhuku zanu zili nacho n'cha akatemera oyambirira aja.

Kwa achimwene a ku Chikanda, n'zoona kuti kutentha kumachepetsa mazira ndi kupyapyalitsa zigoba, koma sikupinda khosi la nkhuku. Mankhwala achikasu aja amapha mabakiteriya, pamene chitopa chimayamba ndi vairasi yomwe simva mankhwala amenewo. Mavitamini ndi madzi ozizira bwino zithandiza ndithu, koma mankhwala enawo aperekedwe pokhapokha mlangizi ataona kuti matenda ena alowererapo, pokumbukiranso kuti ena mwa mankhwalawa amatsalira m'mazira omwe tikugulitsa kwa anthu.

Mayi wa ku Matawale:
Zikomo kwambiri alangizi, mawu anu andilasa mtima koma ndi oona. Chitosi chobiriwira chilipo, ndinachiona Loweruka koma ndinayesa kuti n'chifukwa cha masamba omwe ndinaziponyera. Kodi ndithamange kukagula LaSota lero kuti ndipereke mawa m'mawa?

Mlangizi wa ziweto wopuma ntchito, ku Domasi:
Musathamange, amayi. Katemera si mankhwala ochiza, ndipo amatenga masiku 10 mpaka 14 kuti chitetezo chikhwime. Kumupereka kwa nkhuku zomwe zikudwala kale kumangozisenzetsa katundu wina. Nthawi zina mlangizi amalamula kuti nkhuku za khola lina lomwe matenda sanafikemo zitemeredwe mwamsanga, koma chiganizo chimenecho apange iyeyo ataona ndi maso. Zomwe mungachite lero ndi kupatula zodwala, kukwirira mozama kapena kutentha zakufa, kuletsa aliyense kufika pakhola, ndi kusagulitsa nkhuku iliyonse yamoyo. Ogula mazira muziwapatsira kumsewu, ndipo mathileyi a mapepala omwe abwera nawo asalowe m'khola, chifukwa amakhala atazungulira makola ambiri.

Bambo wa ku Jali:
Ndikupempha kuti mundilole nditsutseko pang'ono, alangizi, mwaulemu wonse. Ine ndinasiya kupereka katemera kwa nkhuku zomwe zayamba kuikira chifukwa ndinaona ndi maso anga mazira akutsika sabata yomwe ndinazipatsa LaSota, ndipo zina zinayamba kukhosomola usiku. Chaka china ndinapereka katemera wa gumboro kwa anapiye 150, patapita masiku atatu anayamba kufa. Kumudzi kuno anthu ambiri amanena kuti katemera ndiye amabweretsa matenda, ndipo ine sindiwaseka chifukwa zinandichitikira. Tsopano papita chaka ndi miyezi ingapo ndisanapereke katemera aliyense kwa zoikira, ndipo palibe chomwe chachitika. Kodi sikuti tikungolemeretsa ogulitsa mankhwala?

Mlangizi wa ziweto wopuma ntchito, ku Domasi:
Bambo, funso lanu ndi la anthu ambiri, ndipo sindikukana zomwe munaona. LaSota ndi wamphamvu kuposa Hitchner B1, ndipo akaperekedwa kwa nkhuku zomwe zakhala nthawi yaitali osalandira katemera, kapena zomwe zili ndi chimfine chobisika, kapena m'khola la fumbi ndi fungo la chitosi lotsekereza mphuno, zimatha kuyetsemula ndi kuchepetsa mazira pang'ono kwa masiku ochepa. Nkhuku zomwe zimalandira katemerayu kawirikawiri nthawi zambiri sizionetsa zimenezi, chifukwa thupi limakhala likumudziwa kale. Ndiye kuti kutalikitsa nthawi ndi komwe kumakulitsa vuto lomwe mukuliopalo. Yerekezani mazira ochepa omwe munataya sabata imeneyo ndi mathileyi atatu omwe amayi a ku Matawale akutaya tsiku lililonse, osadziwa kuti zidzatha liti.

Za anapiye anu aja, gumboro amakonda kugwira anapiye a masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, ndipo kachilombo kake n'kolimba kwambiri, kamakhala m'khola kwa miyezi ingapo nkhuku zitachokamo. Ngati munalowetsa anapiye m'khola lomwe munali nkhuku zina osalitsuka ndi kulipumitsa, n'kutheka kuti matenda anali atalowa kale pamene katemera ankafika. Katemera akafika mochedwa amasenza mlandu wa matenda omwe anamuyambirira kulowa. Zoti mwatha chaka osaona chitopa ndi mwayi womwe ndikukufunirani kuti upitirire, koma inu muli pafupi ndi msika wa Jali pomwe nkhuku zamoyo zochokera m'midzi yosiyanasiyana zimakumana, ndipo nyengo ino anthu akaona nkhuku zayamba kuwodzera amathamangira kukazigulitsa.

Mayi wa ku Songani:
Ndikufuna kuikira umboni pa nkhani yakuti zomwe timachita anapiye ali aang'ono zimadzaonekera m'mazira patapita miyezi. Gulu langa loyamba la nkhuku 100 linadwala chifuwa lili ndi masabata awiri okha. Anapiyewo ankalira ngati ali ndi makhololo pakhosi, koma anachira ndipo anafa ochepa, ine n'kuiwala. Zitakula zinali zokongola kwambiri, zonenepa, zofiira bwino kumaso, ndipo m'mawa zinkalowa m'zisa n'kukhala ngati zikuikira. Koma mazira sanapitirirepo mathileyi awiri patsiku, ndipo ambiri anali okwinyika zigoba, ukaswa choyera chake chimangoyenderera m'mbale ngati madzi. Mlangizi wathu atatumbula imodzi mwa zonenepazo anandionetsa kuti njira ya mazira sinakule bwino, ndipo m'mimba munali thumba lodzaza madzi. Anandiuza kuti ndi matenda omwe pabotolo la katemera amalembedwa kuti IB, omwe akagwira mwanapiye wamkazi ali wamng'ono amatha kumuwononga njira ya mazira mpaka kalekale. Ndinadyetsa nkhuku zosaikira kwa miyezi isanu ndisakudziwa. Kuyambira pamenepo ndimagula katemera wophatikiza wolembedwa ND, kutanthauza chitopa, ndi IB. Alangizi, chonde tilembereni ndondomeko yonse kuti tiisunge m'mafoni.

Mlangizi wa ziweto wopuma ntchito, ku Domasi:
Ndilemba, koma mumve kaye chenjezo ili. Ndondomeko yoyamba kuilemekeza ndi ya komwe munagula anapiye, chifukwa iwo ndi amene akudziwa akatemera omwe makolo a anapiyewo analandira komanso omwe anapiye anapatsidwa asanatuluke. Mwanapiye amabadwa ndi chitetezo chochokera kwa make kudzera m'dzira. Chitetezo chimenechi chimamuteteza masiku oyambirira, koma chimathanso kufafaniza katemera wa gumboro akaperekedwa msanga kwambiri, pamene mukachedwa matenda amakuyambirirani. N'chifukwa chake tsiku la katemera wa gumboro limasiyana pakati pa mapepala, ndiponso n'chifukwa chake timapereka kawiri. Gumboro amawononga kachiwalo kena kamene kali pafupi ndi kotulukira chitosi, komwe kamapanga asilikali a m'thupi mwa mwanapiye, motero mwanapiye wopulumuka gumboro amatha kulephera kupindula ndi akatemera ena onse otsatira.

Ndondomeko yomwe alimi ambiri amatsata imayenda motere. Tsiku loyamba anapiye amabayidwa katemera wa matenda a Marek komwe aswedwera, ndipo muzifunsa pogula ngati izi zachitika, chifukwa matendawa amadzapuwalitsa miyendo ndi kutulutsa zotupa m'kati misoti ikamakula, pamene simungachitenso kanthu. M'sabata yoyamba kapena kumayambiriro kwa yachiwiri mupereke katemera wofatsa wa chitopa, makamaka wophatikiza ndi IB, ndipo njira yabwino kwa anapiye ochepa ndi dontho limodzi m'diso. Cha pa masiku 14 mupereke gumboro woyamba, wachiwiri patapita sabata imodzi kapena masiku 10. Cha pa masabata anayi mubwereze chitopa ndi LaSota. Pakati pa masabata 6 ndi 10 mupereke wa nthomba, wobaya ndi kasingano ka mano awiri pakhungu lopyapyala la phiko, ndipo pakapita sabata mugwire nkhuku zingapo muone ngati pobayapo patupa kapena pachita kankhanambo, chifukwa ngati palibe chizindikiro ndiye kuti katemera sanagwire. Anthu a kufupi ndi madambo a Likangala ndi nyanja ya Chilwa musaphonye ameneyu, pakuti nthomba imafalitsidwa kwambiri ndi udzudzu. Kumene kumavuta chimfine chotupitsa nkhope, pali katemera wake wobaya kawiri misoti isanayambe kuikira. Chitopa mubwerezenso cha pa masabata 10 kapena 12.

Kenako pali katemera amene alimi ang'onoang'ono ambiri amamudumpha chifukwa cha mtengo, koma ine ndimamuona ngati mzati wa nyumba. Ameneyu ndi wobaya, wamafuta, wooneka ngati mkaka, yemwe amaperekedwa pa masabata 16 mpaka 18, dzira loyamba lisanagwe. Nthawi zambiri amaphatikiza chitopa, IB ndi matenda ena ogwetsa mazira olembedwa EDS. Chitetezo chake chimakhala nthawi yaitali, koma amagwira bwino pamwamba pa akatemera amoyo omwe anatsogola. Pobaya pafunika munthu wodziwa, ndipo wina akadzibaya yekha pachala mwangozi apite kuchipatala nthawi yomweyo atanyamula botolo lake, chifukwa mafutawo amatupitsa koopsa. Nkhuku zikayamba kuikira, muzibwereza katemera wamoyo wa chitopa miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, ndipo ngati simunabaye wamafuta uja musapitirire miyezi iwiri. Mankhwala a njoka za m'mimba muzipereka masiku angapo tsiku la katemera lisanafike, osati tsiku lomwelo.

Bambo wa ku Chinamwali:
Popeza vuto lina lapezeka kuti lili m'kaperekedwe, ndifotokoze momwe ndimachitira ine, mwina zithandiza wina. Ndikamapita kukagula katemera ndimanyamula fulasiki ya tiyi yokamwa kwakukulu, muli madzi oundana okulungidwa m'kansalu kuti botolo lisakhudzane nawo. Ndimayang'ana tsiku lothera mphamvu, ndipo ndimafunsa wogulitsa mosapita m'mbali kuti magetsi akazima firiji yake amaisamala bwanji. Pali sitolo ina yomwe ndinasiya kugulako nditapeza firiji ili yofunda masana, mabotolo ali momwemo. Ndikagula ndimakwera kabaza kulunjika kunyumba, zogula zina zimadikira tsiku lina. Kunyumba botolo limakhala pakati pa firiji, osati m'chipinda choumitsa nyama kapena pachitseko.

Kukatsala tsiku limodzi kuti ndipereke katemera ndimayeza madzi omwe nkhuku zimamwa m'maola awiri a m'mawa, ndipo ndimasiya kuthira mankhwala alionse m'madzi. Zomwera ndimatsuka ndi madzi okhaokha, popanda sopo. Madzi a katemera ndimatunga pamjigo, koma ngati ndagwiritsa ntchito a pampope ndimawasiya m'ndowa yapulasitiki yosavundikira kwa tsiku lathunthu, kenako ndimathiramo mkaka waufa wopanda mafuta, magalamu awiri pa lita iliyonse, n'kudikira mphindi 20. Mkakawo umateteza katemera. M'mawa kusanatenthe ndimachotsa zomwera zonse kwa ola limodzi kapena awiri kuti nkhuku zimve ludzu, koma mwezi wotentha ngati uno sindipitirira ola limodzi. Botolo ndimalitsekulira m'kati mwa madzi, ndimatakasa ndi kamtengo koyera, n'kugawa m'zomwera zambiri kuposa masiku onse kuti ngakhale nkhuku zamantha zipeze pomwera. Ndimaima m'kholamo n'kumadzutsa zomwe zakhala m'ngodya. Pakutha pa maola awiri madziwo ayenera kukhala atatha, ndipo otsala sindisunga. Botolo lopanda kanthu ndimatentha, ndipo ndimasamba m'manja ndisanagwire kumaso, chifukwa tsiku lina ndinadzitikita m'diso ndipo linafiira masiku atatu.

Mnyamata wa ku Chikanda:
Ndavomera kuti ndinafulumira kuyankha, ndipo ndaphunzirapo zambiri. Koma vuto la ife oyamba kumene ndi lakuti botolo limabwera la nkhuku 500 kapena 1000, pamene ine ndili ndi 60 zokha. Ndakhala ndikusungunula botolo lonse, n'kuthira pang'ono, otsalawo n'kusunga m'firiji kuti ndidzagwiritse ntchito mwezi wotsatira. Kodi pamenepa ndimalakwitsa?

Mlangizi wa ziweto wopuma ntchito, ku Domasi:
Mumalakwitsa, achimwene, ndipo mwachita bwino kufunsa. Katemera wouma uja akangosungunulidwa amakhala ndi moyo wa maola awiri basi, ngakhale mumuike m'firiji. Zomwe mwakhala mukupereka mwezi wachiwiri ndi madzi chabe. Kugawa ufa wa m'botolo ndi maso nakonso sikutheka. Njira ilipo ndi yogwirizana ndi anzanu oyandikana nawo kuti mutemere m'mawa umodzi. Botolo la nkhuku 1000 mukalisungunula m'lita imodzi ya madzi abwino ozizira, mamililita 100 alionse ndi a nkhuku 100, ndipo aliyense atenge gawo lake m'kabotolo koyera kokhala m'fulasiki n'kukathira m'madzi omwe wakonzeratu kwake. Mukumane panja, pamalo opanda nkhuku, osati pakhola la mmodzi wa inu.

Mayi wa ku Thondwe:
Ine ndimaweta nkhuku zachikuda ndi za mikolongwe, zakuda zija, ndipo mazira ake ndi omwe amandigulira sopo ndi makope a ana. Ndikufuna kukumbutsa anzanga a nkhuku za m'khola kuti nkhuku zoyendayenda za m'mudzi si adani anu, koma zikadwala inunso muli pamoto. Kwathu timagwiritsa ntchito katemera wa I-2, wa dontho limodzi m'diso, yemwe amapangidwa konkuno ku Malawi, ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Ameneyu amapirira kutentha kuposa enawo, motero wotemera amatha kuyenda naye m'midzi atamukulunga m'kansalu konyowa m'kadengu, ngakhale kuti posunga nthawi yaitali amafunabe firiji. Timatemera katatu pachaka, miyezi inayi iliyonse, m'Malichi, Julayi ndi Novembala, kuyambira kamwanapiye mpaka tambala, ndipo nkhuku ndi mazira zimadyedwa bwinobwino tsiku lomwelo. Usiku wake timauzana kuti m'mawa nkhuku zisatsekuliridwe mpaka wotemera atadutsa. Amayi a ku Matawale, mukadzachira ku vutoli, mudzalankhule ndi oyandikana nawo kuti nkhuku zomwe adzagule zizitemeredwa, ngakhale kutakhala kuti inu mwawathandiza kulipira. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi thileyi imodzi ya mazira.

Bambo wa ku Jali:
Ndamva zonse, ndipo nkhani ya khola losapumitsa ija ndi yoona, chifukwa anapiye aja ndinawalowetsa patangopita masiku anayi nditagulitsa nkhuku zakale, pa mankhusu a mpunga omwewo. Pa LaSota mtima wanga udakali ndi mantha, chifukwa nkhuku zanga zakhala nthawi yaitali osalandira kanthu. Kodi ndingayambe ndi uti kuti zisadzidzimuke?

Mlangizi wa ziweto wopuma ntchito, ku Domasi:
Yambani ndi wofatsa, bambo, monga Hitchner B1 kapena I-2 wa m'diso amene amayi a ku Thondwe atchula, ndipo pakapita masabata atatu kapena anayi mubwereze ndi LaSota. Musankhe tsiku lomwe nkhuku zonse zili bwino, muchotse mankhusu onyowa, mutsekule makatani kuti mpweya uziyenda, ndipo mupereke mavitamini kwa masiku awiri kapena atatu pambuyo pake. Muzilemba mazira a tsiku lililonse kuyambira sabata imodzi musanatemere mpaka masabata awiri mutatemera, kenako mudzatiuze pagulu pano zomwe kope lanu lidzanene. Ndikufuna kuti tidzaweruze ndi manambala anu omwe, osati ndi mawu anga.

Mayi wa ku Matawale, patapita masabata atatu:
Abale anga, ndabweranso kudzapereka lipoti monga mwa ulemu womwe munandipatsa. Mlangizi wa dera lathu anabwera Lachiwiri lomwe lija, anatumbula nkhuku ziwiri n'kundionetsa timadontho ta magazi m'kati mwa kathumba komwe kali pamwamba pa nthutumba, ndipo ananena kuti zizindikiro zonse ndi za chitopa. Nkhuku zomwe zafa zonse pamodzi ndi 11, kuphatikizapo ya khosi lopindika ija yomwe inkalephera kudya. Mazira anatsika mpaka mathileyi atatu ndi theka, koma sabata ino ndayamba kutola asanu, ndipo kufiirira kukubwerera pang'onopang'ono, ngakhale mlangizi wandiuza kuti mwina sindidzafikanso pa 7. Pakhomo la khola ndaika beseni la mankhwala opondapo ndi nsapato za m'khola mokhamokha, ndipo ogula mazira tsopano amaima pageti. Masiku a katemera ndawalemba pakalendala ya m'chipinda chochezera mpaka mwezi womwe ndidzagulitse nkhukuzi, ndipo woyamba mlangizi wati adzabwera kudzapereka yekha zikadzachira bwinobwino. Anapiye ena 200 ndawaitanitsa kuti adzafike mu Januwale, m'khola lina lomwe ndalitsuka kale, ndipo katemera wobaya wa pa masabata 16 uja ndamuika kale m'bajeti. Achimwene a ku Chikanda ndi ena onse a mbali ya Matawale ndi Chinamwali omwe mukufuna anapiye mwezi womwewo, ndilembereni kumbali kuti tiitanitse tsiku limodzi, masiku athu a katemera azidzagwera pamodzi ndipo botolo limodzi lizidzatikwanira.

Bambo wa ku Chinamwali:
Ine mundilembe pa anapiye 150, amayi. Fulasiki ndi mkaka waufa ndizidzabwera nazo ndine, ndipo madzi a pamjigo ndizidzatunga dzulo lake.